Sindinalembe Dzina la Mpongozi Wanga

Ndinasiya dala dzina la mpongozi wanga pa mndandanda wa amayi oyembekezera amene anayenera kulandira katemera wa chimfine, ndikudziwa bwino lomwe kuti ali ndi pakati. Sindinaiwale ayi. Cholembera chinali m'manja mwanga, mzere wopanda dzina unalipo, koma ndinatseka buku n'kulibwezera m'chikwama. Anthu a kuno mpaka lero amati mwambo ndiwo unanditseka pakamwa, ine n'kumangovomera ndi mutu. Inu owerenga, ndatopa nako kuvomera bodza. Ndikufuna mumve mmene zinayendera, kuti tsiku limene cholembera chidzakhale m'manja mwanu musadzachite zimene ndinachita ine.

Kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Tinasamukira kuno ku Ndake, m'boma la Nyimba, ana akali aang'ono, pofuna malo olimapo chimanga ndi thonje. Amuna anga, amene ndiziwatchula kuti bambo a Yotamu, pa unyamata wawo anakumbako golide ku Sasare. Golideyo sitinamuone, koma fumbi anabwera nalo lonse m'chifuwa. Chisanu chikafika amapuma ngati mvukuto wobooka, ndipo kawiri konse tinawanyamulapo pa ngolo tikuganiza kuti sabwerera. Takhala m'banja zaka zoposa makumi atatu. Ndimawakonda amuna anga, ndipo ichi ndachinena msanga chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Ine ndine mmodzi wa anthu odzipereka amene amathandiza pa kiliniki ya kwathu. Ntchito yathu ndi kuyenda m'midzi, kulemba amayi oyembekezera m'buku, kuwakumbutsa tsiku la sikelo ndi kuthamangira kwa anesi pakaoneka vuto. Ndinali wodziwika ndi pakamwa. Mwamuna wokana kuperekeza mkazi wake ku sikelo ndinkamutsatira mpaka pa nsolo n'kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Amayi ankandiseka kuti ine mimba ndimaiona mwini wake asanaidziwe, ndipo kunena zoona mawu amenewo ankanditsekemera.

Mwana wanga wachisamba, Yotamu, anakwatira mtsikana wa ku Kaumbwe, m'boma la Petauke, dzina lake Mailesi. Abale ake anavomera kuti azikhala kwathu, choncho nyumba yawo inamangidwa kuseri kwa nkhokwe yanga. Anali wamfupi, wamphamvu, woseka ndi thupi lonse. Chinsenga chake chinkathamanga ngati njinga yopanda mabuleki, ndipo ankandiseka kuti ife a ku Katete timalankhula ngati tikuwerenga Baibulo. Kwaya ankaikonda ngakhale mawu ake ankapita njira yawoyawo. Potola thonje panalibe womupambana. Ankanditchula kuti amama, ndipo si mwa mwambo chabe. Ankandipesa tsitsi, ankandibisira chiwindi akapha nkhuku. Ndinalibe mwana wamkazi, ndiye ndinkauza anthu kuti Mulungu wandibwezera.

Chaka chachiwiri cha ukwati wawo, chimanga chikuuma m'munda, ndinayamba kuona zizindikiro. Mailesi ankathawa fungo la tinsomba ta kapenta timene kale ankatinyambitira zala. Ndinamupeza kuseri kwa khola akudya dothi la chiswe la pamtengo. Chitenje anayamba kuchimangira m'mwamba. Ndinawerenga pa zala n'kupeza kuti ndi miyezi inayi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mtima wanga unavina.

Apa ndifotokoze za mwambo, poti ena a inu simuudziwa. Kwathu mimba yoyamba sitchulidwa mpaka alangizi atakhala naye pansi mtsikanayo, kumuveka mkanda woyera ndi kumupatsa malangizo. Ife a ku Katete timati chisamba. Tsikulo lisanafike, mtsikana sanena, mwamuna wake sanena, apongozi ndiye sayerekeza n'komwe. Amati ukatchula msanga ndipo mimbayo n'kuchoka, mlandu ndi wako. Kwa Mailesi woyenera kutsogolera mwambowo anali azakhali ake a ku Kaumbwe. Ndinawatumizira mawu ozungulira, akuti kuno dzungu layala, ndipo anamva. Anayankha kuti abwera akamaliza kutola thonje.

Thonjelo lisanathe, tinayamba kumva pa wailesi za chimfine chachilendo chimene chinkagwetsa anthu m'matauni. Si chimfine chija timachidziwa cha kuyetsemula masiku awiri. Ichi chinkatsikira m'chifuwa. Kutchalitchi anatiuza kuti tichepetse misonkhano, ndipo azakhali a Mailesi anatumiza mawu ena akuti tidikire mphepo ipite.

Tsiku lina a Daka, nesi wamkulu wa pa kiliniki yathu, anaitana ife odzipereka pamodzi ndi akomiti ya zaumoyo. Mayi amenewa ndi odekha, salankhula kawiri. Anatiuza kuti katemera wabwera koma ndi wochepa kwambiri, ndipo wina sakudziwika tsiku lobwera. Dongosolo linali lakuti ayambe amayi oyembekezera ndi anthu ogwira odwala, wotsalayo apite kwa amene ali ndi matenda okhalitsa a m'chifuwa, kuyambira wodwala kwambiri. Anawonjezera kuti mayi woyembekezera akangotentha thupi abwere tsiku lomwelo, chifukwa pali mankhwala osungidwira iwo amene amathandiza akayambidwa msanga.

Msonkhano unatentha. Mkulu wina wa komiti anaimirira n'kunena kuti mimba si matenda, ndipo chikhalire dziko lino mbale imayambira kwa akulu. Wina anati boma lawerengera nkhalamba kumanda zikali kuyenda. Ndinawamvetsa, mantha awo anali enieni. A Daka sanakwiye. Anafotokoza kuti mayi woyembekezera amapumira anthu awiri, mwana akamakula amapanikiza mapapo, thupi limakhala litafewa polimbana ndi matenda, ndipo kutentha thupi kokhako kungachotse mwana. Anati mtsikana amene dzulo amasenza thumba la chimanga, chimfine chimenechi chingamugwetse msanga kuposa agogo ake.

Kodi mukudziwa amene anaimirira kuwathandiza a Daka? Ndine. Ndinawauza madalawo kuti mbale imayambira kwa akulu pa phwando, koma nyumba ikapsa palibe amafunsa zaka. Ndinawafunsa ngati alipo amene angakondwe kulandira jekeseni pamene mdzukulu wake akufera m'mimba. Amayi anawomba m'manja, madala anazyolika, ine n'kukhala pansi ndikudzimva kuti ndalankhula ngati munthu.

Tisanabalalike, a Daka anatiyang'ana ife odziperekafe mmodzimmodzi n'kunena mawu amene ndimawamvabe. "Niziba kuti pali mimba zamene sizikambiwa. Sinifuna kuti muphwanye mwambo. Ninong'onezeni chabe dzina, ine nizamuitana nekha monga nifuna kumupima magazi. Palibe wina azaziba."

Mukuona, inu owerenga, khomo linali lotsegula. Mwambo sunandiletse kunong'ona.

Midzi yanga inapatsidwa malo makumi awiri. Ndinayenda masiku awiri ndipo ndinapeza amayi oyembekezera khumi ndi anayi, atatu mwa iwo a mimba zobisa, amene ndinakawanong'oneza kwa a Daka popanda vuto lililonse. Panatsala malo asanu ndi limodzi a odwala m'chifuwa. Amenewa tinawasanja pamodzi ndi a Daka poyang'ana makadi awo a kuchipatala, ndipo bambo a Yotamu anagwera pa malo omalizira penipeni. Apa ndi pamene ndinaona msampha. Ndikalemba Mailesi, amayi akhala khumi ndi asanu, ndipo womalizira pa odwala atsika. Womalizirayo anali mwamuna wanga.

Masana a tsiku lopereka mndandanda ndinakhala pakhonde buku lili pamiyendo. Kumanzere kwanga Mailesi ankapondera thonje m'chisaka, akuimba nyimbo yake yokhota. Kumanja bambo a Yotamu ankasema mpini, akupumira pakati pa nkhwangwa iliyonse, chifuwa chikulira. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Kenako mtima unayamba kundipatsa zifukwa, ndipo mtima ukafuna chinthu susowa loya. Mailesi ndi mwana, magazi ake ndi atsopano. Mimba si matenda. Katemera wina abwera. Komanso ndine ndani ine kutchula mimba imene azakhali ake sanaitchule? Mawu omwewo amene ndinawatsutsa pa msonkhano ndinawatola limodzilimodzi n'kuwavala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndinadziuza choncho, ndipo ndinatseka buku.

Popereka mndandanda, a Daka anauwerenga mpaka pansi, kenako anakweza maso n'kundifunsa ngati kwa mpongozi wanga kulibe nkhani. Ndinaseka. Ndinawauza kuti ana a masiku ano sathamangira kubereka, akufuna ayambe agula malata. Iwo anasekanso, chifukwa ankandikhulupirira. Limenelo silinali khutu logontha kapena kukhala chete kwa mwambo. Linali bodza lotuluka m'kamwa mwanga.

M'mawa wa tsiku la katemera, Mailesi ndiye anawatenthetsera madzi apongozi ake aamuna n'kuwaikira mpando pa ngolo. Pamene ndinkamanga chitenje kuti tinyamuke, anandipeza kuseri kwa nyumba, anagwada, n'kulankhula motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Amama, uja katemela ni wa anthu onse, olo ni wa ena chabe?"

Ndinadziwa chimene ankafunsa. Mtsikana wolangizidwa bwino sakanafunsa moposa apo. Ndinamuyankha kuti ndi wa amene ali m'buku, wa ena ubwera. Anakweza maso n'kundiyang'ana kanthawi, ngati akundipatsa mpata woti ndiwonjezere mawu. Sindinawonjezere. Anawomba m'manja pang'ono, anadzuka, n'kupita kukatenga dengu lake la thonje.

Panapita masabata atatu chimfine chisanalowe m'mudzi mwathu. Chinabwera ndi Yotamu kuchokera kumsika wa thonje. Anagona masiku atatu akubuula ngati ng'ombe, Mailesi akumupukuta thukuta ndi kumumwetsa phala, kenako anadzuka n'kupempha chakudya. Bambo a Yotamu anangoyetsemula masiku awiri, basi. Ndinagwada kuthokoza Mulungu, ndipo mumtima ndinadziyamikira kuti ndinasankha bwino.

Lachiwiri m'mawa Mailesi sanatuluke kukasesa. Ndinamupeza atadzikulunga bulangeti, thupi likutentha ngati mbaula. Ine amene ndinaphunzitsa midzi yonse kuti woyembekezera akatentha thupi athamangire ku kiliniki tsiku lomwelo, ndinaima pakhomo ndikuganiza za nkhope ya a Daka. Kumutengera kumeneko kunali kukaulula bodza langa. Akanagwira pamimba n'kundiyang'ana. Nkhani ikanamveka kuti mayi wa pakamwa uja anabisa mpongozi kuti apulumutse mwamuna wake. Ndinathyola masamba a bulugamu ndi a ndimu, ndinawawiritsa, n'kumufukiza. Ndinatuma Yotamu kukagula mapiritsi a mutu pa kantemba ka pamsewu. Ndinauza Mailesi kuti nayenso adzuka ngati mmene anadzukira mwamuna wake.

Yotamu anandifunsa madzulo a tsikulo ngati sikukanakhala bwino kupita naye kwa anesi. Iye ankadziwa za mimbayo, koma sakanaitchula kwa mayi ake, ndipo ankakhulupirira kuti za umoyo ine ndiye ndimazidziwa. Ndinamuuza kuti tione mawa. Mawa litafika ndinati tione mkuja. Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo mwambi umenewu ndinkauphera anthu ena chaka ndi chaka.

Lachinayi chifuwa chinayamba kulira. Mailesi sankatha kumaliza chiganizo osaima pakati kuti apume. Ankakana kugona chagada, ankafuna kutsamira khoma. Lachisanu dzuwa likutuluka ndinaona milomo yake itada, zikhadabo zitasanduka zotuwa. Yotamu sanandifunsenso. Anamanga ng'ombe pa ngolo, anamunyamula mkazi wake ngati mwana, ndipo ine ndinakwera kumbuyo nditagwira mutu wake pamiyendo. Njira yathu ndi ya mabampu, ndipo bampu lililonse ankandifinya dzanja.

A Daka anatilandira pakhomo. Anamuika chopimira pachifuwa, kenako dzanja lawo linatsikira pamimba n'kuima pomwepo. Anatembenuka kundiyang'ana. Sanakweze mawu. Anangoti, "Amai, ninakufunsani." Kenako anafunsa kuti wadwala masiku angati, ndipo nditati anayi anatseka maso pang'ono n'kutenga foni kuitana galimoto ya kuchipatala chachikulu.

Kuchipatalako anachita zonse zimene akanatha, ndilibe wina womuloza chala. Anamuika mpweya pamphuno, madiripi m'manja onse. Loweruka masana mwana anachoka. Anali wamkazi, wotha kukwana m'manja awiri, zala zake zonse zili bwinobwino. Anesi anandifunsa ngati ndikufuna kumuona, ndipo ndinamuona. Ameneyo ndiye mdzukulu wanga woyamba, amene sindinamutchule ngakhale kamodzi akali moyo.

Lamlungu m'mawa Mailesi anatsegula maso n'kundikodola. Ndinaweramira pafupi. Anasuntha chija cha mpweya n'kundifunsa, mawu akuduka, "Amama, munali kuziba, ai?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anapuma kangapo. "Nenze kulindila imwe kuti mukambe." Ndiye kuti nthawi yonseyi ankadikira ine kuti ndinene. Sananene mokwiya. Ananena ngati mwana amene akufotokoza chifukwa chimene wachedwera kumunda. Nesi anabwera kudzamubwezera mpweya, ndipo sanalankhulenso. Anatisiya Lolemba dzuwa lili pamutu, Yotamu atapita kukamugulira malalanje amene anapempha Loweruka.

Maliro anakaikidwa kwawo ku Kaumbwe. Chifukwa cha matendawo anthu anali ochepa, nyimbo zinali zochepa, kwaya yake sinabwere. Amayi osambitsa thupi ndiwo anatchula poyera kuti mwanayu anali ndi pakati, ndipo mawu amene tonse tinkawazemba miyezi isanu ananenedwa mosavuta pa bwalo la maliro. Azakhali ake anatulutsa mkanda woyera umene anali atagula kale n'kuuika m'bokosi. Kenako anabwera kwa ine, anandikumbatira, n'kuuza anthu kuti apongozi awa ndi munthu waulemu, anasunga mwambo mpaka mapeto, cholakwa ndi chawo iwo amene anachedwa kubwera. Mayi wokalamba uja analira akudziimba mlandu pamaso panga, ine ndili chete. Pa zonse zimene ndinachita, kukhala chete kwa tsiku limenelo ndi kumene kumandinyansa kwambiri.

Patatha miyezi iwiri katemera wina anabwera, wokwanira aliyense wofuna. Madala aja anakwiya pa msonkhano analandira onse, ndipo ambiri a iwo alipo mpaka lero, akusewera nsolo. Amayi khumi ndi anayi a m'buku langa onse anabereka. Ndikakumana nawo ana awo panjira ndimawawerenga osafuna.

Ndinapita kwa a Daka kukabweza buku ndi chikwama. Ndinawauza zonse. Anamvetsera osandidula, kenako anandiuza chinthu chimene sindinkayembekezera. Anati palibe munthu angalumbire kuti katemera akanamupulumutsa Mailesi, pakuti alipo ena amadwala ngakhale atalandira. Anatinso mantha anga pa amuna anga sanali opusa, chifuwa chawo chinali choopsa ndithu, ndipo ndikanawauza poyera tikanakhala pansi n'kuona chochita. Koma za masiku anayi aja sananene kanthu, ndipo ine ndinamva chimene sananenecho. Buku anakana kulilandira. Anati ndikalisiya ndiye kuti midzi yataya maso, ndipo kuyambira tsiku limenelo mndandanda uliwonse uzilembedwa ndi anthu awiri.

Bambo a Yotamu ndinawauza nthawi yobzala, tili awiri kumunda. Iwo ankaganiza kuti malo awo anali awo basi. Anaika khasu pansi n'kukhala pa mzere. Kenako anandifunsa funso limodzi lokha: "Nanga ine munandifunsa?" Ndinati ayi. Anati akanakana, ndipo ndikudziwa kuti sananame, chifukwa munthu amene uja ankasiyira Mailesi mazira ake. Anati ndawapatsa masiku akuba, ndipo sakudziwa kuti awabweze kwa yani. Sanandimenye, sanandithamangitse. Tikukhalabe nyumba imodzi. M'mawa uliwonse ndikamva chifuwa chawo ndimathokoza kuti ali moyo, ndipo kuthokoza komweko kumandiwawa.

Yotamu ndinamuuza pomalizira, chifukwa ndine wamantha. Anamvetsera ataimirira, chipewa chili m'manja. Atamva zonse anangofunsa ngati Mailesi anadziwa. Ndinamuuza mawu ake omaliza. Sabata yomweyo anamasula malata pa nyumba yake n'kusamukira ku Petauke, kumene amagwira ntchito yokonza njinga. Amalankhula ndi bambo ake pa foni. Ine amandipatsa moni kudzera mwa iwo.

Tsono inu owerenga, ndili ndi mawu ochepa, ndipo ndawagula modula. Matenda otere adzabweranso, ndipo mankhwala adzachepanso. Azachipatala akanena kuti ayambe amayi oyembekezera, musamve ngati anyoza akulu kapena ayesa moyo wa nkhalamba wopanda pake. Iwo ayang'ana amene matendawo amamugwetsa msanga, ndiponso kuti pa jekeseni imodzi pali anthu awiri. Ngati dongosololo likukupwetekani, kanenereni pa msonkhano, kanganani nawo masana anthu akumva, monga anachitira madala aja. Iwo anakwiya poyera ndipo sanaphe munthu. Ine ndinavomera poyera n'kukakana ndekha pakhonde.

Inu amene mumapatsidwa buku, ngati m'bukumo muli m'bale wanu, musagwire cholembera nokha. Musadzikhulupirire. Ine ndinkadziyesa munthu woongoka, ndipo ndinali woongokadi mpaka tsiku limene kuongokako kunafuna kundilanda mwamuna. Itanani mnzanu, uzani anesi kuti apa mtima wanga wagawanika. Palibe manyazi pamenepo.

Inu apongozi ndi alangizi anzanga, mwambo wathu sindikuunyoza. Unaikidwa kuti uteteze mwana ndi mayi ake, ndipo mkanda woyera ungathe kudikira mwezi wina. Chifuwa sichidikira. Nong'onezani anesi, mwambo sudzakuonani. Koma koposa zonse dzifunseni ngati mukukhala chete chifukwa cha mwambo, kapena mwambowo mwaupeza pothawira. Ndipo inu atsikana a mimba yoyamba, musalindire munthu wamkulu kuti akuyankhulireni. Mukamva thupi kutentha, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale apongozi anu atakhala odziwa za umoyo kuposa mudzi wonse. Mailesi analindira ine chifukwa ankandilemekeza.

Chaka chatha Yotamu anakwatiranso. Ndinamva kwa anthu kuti mkazi wake atangodumpha mwezi wachiwiri, anamukweza pa njinga n'kupita naye yekha ku sikelo, osadikira azakhali, osadikira alangizi, osauza mayi ake. Anthu ena anabwera kudzandidandaulira kuti mwana wanga waphwanya mwambo. Ndinawauza kuti wachita bwino. Mwanayo anabadwa nyengo yozizira, wamkazi, ndipo bambo a Yotamu anapita kukamuona. Ine sindinaitanidwe, ndipo sindinafunse chifukwa chake.

Buku lija ndikali nalo. Pansi pa dzina la mayi wa khumi ndi chinayi ndinalembapo Mailesi, ndi inki ina, patapita chaka. Kutsogolo kwa dzina lililonse kuli kachizindikiro ka a Daka kosonyeza kuti walandira. Kutsogolo kwa lake kulibe, ndipo sikadzakhalapo. Inu lembani dzinalo munthu akali kupuma.